Zikondwerero za m'nyengo yotentha ku Japan

Zikondwerero za m'nyengo yotentha ku Japan, zomwe m'Chijapanizi zimatchedwa natsu matsuri, ndi miyambo ya chaka ndi chaka imene imachitika m'mizinda ndi m'midzi ya dzikolo kuyambira mu Julayi mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Pa zikondwererozi anthu amakoka ngolo zikuluzikulu zokongoletsedwa, amavina m'misewu, amayatsa nyali za mapepala ndiponso amaphulitsa makombola m'mphepete mwa mitsinje. Pa nthawi yomweyi sukulu zimakhala pa tchuthi ndipo makampani ambiri amatseka kwa masiku angapo, choncho anthu ochuluka amakhala pa ulendo. Ena amapita kwawo kukaona manda a makolo awo, ena amatsatira zikondwerero za kumpoto kwa dzikolo, pomwe ena amakwera kumapiri kuthawa kutentha. Chizolowezi chothawa kutenthachi chimatchedwa hisho.

Zambiri mwa zikondwererozi zinayamba chifukwa cha mavuto a nyengo yotentha yomweyo. Kale miliri inkabuka m'mizinda ikangotha nthawi ya mvula, ndipo anthu ankachita miyambo yopepesa mizimu ndi yopirikitsa matenda. M'zaka zaposachedwapa kutentha kwawonjezeka kwambiri moti zikondwerero zina zasamutsidwira ku miyezi ina pofuna kuteteza miyoyo ya anthu ndi ya ziweto.

Nyengo yake

Dziko la Japan lili kumpoto kwa ikweta. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kumakhala kozizira, ndiyo yotentha kwambiri kumeneko. Kutentha kwake n'kosiyana ndi kwa chilimwe cha kum'mwera kwa Africa chifukwa mpweya umakhala ndi chinyontho chambiri. Thukuta siliuma msanga, motero thupi limavutika kuzizira ngakhale munthu atakhala pamthunzi.

Kuyambira kumayambiriro kwa Juni mpaka cha pakati pa Julayi, m'madera ambiri mumagwa mvula yamvumbi yotchedwa tsuyu. Mvulayi imayambira ku zilumba za Okinawa mu Meyi n'kumapita chakumpoto, koma chilumba cha Hokkaido sichikhudzidwa kwenikweni. Ikangoleka, mpweya wotentha wochokera kunyanja ya Pacific umakuta dzikolo ndipo dzuwa limawomba kwambiri kwa milungu ingapo. Mizinda yozunguliridwa ndi mapiri, monga Kyoto, imatentha kwambiri chifukwa mphepo siyenda. Ku Tokyo ndi ku Osaka nyumba zakonkire ndi misewu ya phula zimasunga kutentha mpaka usiku.

Nthambi yoona zanyengo ya Japan Meteorological Agency ili ndi mayina a masiku otentha. Tsiku limene kutentha kwafika madigiri 30 limatchedwa manatsubi, ndipo limene kwafika madigiri 35 limatchedwa mōshobi, dzina lomwe linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2007. Usiku umene kutentha sikunatsike kupitirira madigiri 25 umatchedwa nettaiya. Pa 23 Julayi 2018 mumzinda wa Kumagaya munatentha madigiri 41.1, ndipo mlingo womwewu unapezekanso ku Hamamatsu mu Ogasiti 2020. Pa 5 Ogasiti 2025 mumzinda wa Isesaki, m'chigawo cha Gunma, munafika madigiri 41.8.

Chiyambi cha zikondwererozi

Zikondwerero za nyengoyi zinachokera ku miyambo itatu ikuluikulu. Woyamba ndi wa m'mizinda. Anthu akale a ku Kyoto ankakhulupirira kuti miliri imabwera chifukwa cha mizimu yokwiya ya anthu amene anafa mozunzika, choncho ankaichitira mwambo woipepesa wotchedwa goryōe. Wachiwiri ndi wa alimi a mpunga, makamaka a kumpoto. Iwo ankati tulo ndi ulesi wa m'nyengo yotentha zimasokoneza ntchito ya kumunda, ndiye ankaziika mophiphiritsa pa nyali kapena pa nthambi n'kuzitaya mumtsinje. Mwambowu umatchedwa nemuri nagashi. Wachitatu ndi Obon, mwambo wa Chibuda wolandira mizimu ya makolo pakhomo.

Masiku a zikondwerero amasiyana malinga ndi dera chifukwa cha kusintha kwa kalendala. Mu 1873 dziko la Japan linasiya kalendala yotsatira mwezi n'kuyamba kugwiritsa ntchito kalendala ya Gregory. Madera ena anasunga tsiku lakale pa kalendala yatsopano, ena analikankhira kutsogolo ndi mwezi umodzi kuti ligwirizane ndi nyengo, ndipo ena anapitiriza kuwerenga mwezi. N'chifukwa chake mwambo umodzi womwewo ungachitike mu Julayi kwina, kwina mu Ogasiti.

Gion Matsuri

Gion Matsuri ndi chikondwerero cha kachisi wa Chishinto wa Yasaka mumzinda wa Kyoto, ndipo chimatenga mwezi wonse wa Julayi. Chinayamba m'chaka cha 869 pamene kunabuka mliri. Anthu anaimika mikondo italiitali 66 m'munda wa Shinsen-en, mkondo uliwonse kuimira chigawo chimodzi cha dzikolo, n'kupemphera kuti matenda athe. Kuyambira cha m'ma 970 mwambowu unayamba kuchitika chaka chilichonse. Unaima pa nthawi ya nkhondo ya Ōnin, yomwe inamenyedwa kuyambira 1467 mpaka 1477 ndi kuwononga mbali yaikulu ya mzindawu, kenaka anthu amalonda anauyambitsanso mu 1500.

Pachimake pa chikondwererochi ndi mdipiti wa ngolo 34 zotchedwa yamaboko. Ngolo 23 zimayenda pa 17 Julayi ndipo 11 zotsalazo zimayenda pa 24 Julayi. Zazikulu kwambiri, zotchedwa hoko, zimatalika mamita pafupifupi 25 kuphatikizapo mlongoti wake, ndipo zimalemera matani pafupifupi 12. Akalipentala amazimanga chaka chilichonse pamsewu pomwepo popanda kukhoma msomali; matabwa amamangidwa ndi zingwe za mapesi a mpunga. Zingwezo zimalola ngolo kugwedezeka poyenda popanda kusweka. M'mbali mwa ngolo amapachikamo nsalu zamtengo wapatali, zina zochokera ku China, ku Persia ndi ku Ulaya zaka mazana angapo zapitazo.

Mawilo a hoko sakhota. Ngolo ikafika pamphambano, amuna amayala nsungwi zong'aluza pansi pa mawilo, n'kuzithira madzi kuti ziterere, kenaka onse amakokera pamodzi cham'mbali mpaka ngoloyo itatembenuka. Ntchitoyi imatchedwa tsujimawashi ndipo ndi imene anthu ambiri amadikirira kuti aone. Ngolo yotsogolera, Naginata-hoko, imanyamula kamnyamata kosankhidwa mwapadera komwe kamadula chingwe chopatulika ndi lupanga posonyeza kuti mdipiti wayamba.

Madzulo a masiku atatu mdipiti usanachitike, nthawi yotchedwa yoiyama, ngolo zimayatsidwa nyali ndipo oimba zitoliro, ng'oma ndi mabelu amakhala pamwamba pake. Anthu amagula chimaki, kamtolo ka masamba a nsungwi komwe amakapachika pakhomo la nyumba chaka chonse kuti kateteze banja ku matenda. Bungwe la UNESCO linaika mdipitiwu pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa mu 2009. M'zaka za 2020 ndi 2021 mdipiti wa ngolo sunachitike chifukwa cha mliri wa COVID-19.

Zikondwerero zina za mu Julayi

Mumzinda wa Fukuoka mumachitika Hakata Gion Yamakasa kuyambira pa 1 mpaka pa 15 Julayi. Tsiku lomaliza magulu asanu ndi awiri a amuna amathamanga mtunda wa makilomita pafupifupi 5 atasenza ngolo yolemera tani imodzi. Gulu loyamba limanyamuka pakachisi wa Kushida nthawi ya 4:59 m'mamawa, ndipo oonerera amawathira madzi m'njira monse kuti matupi awo azizire. Malinga ndi mbiri yomwe imanenedwa kumeneko, mwambowu unayamba mu 1241 pamene wansembe wa Chibuda ananyamulidwa kuzungulira mzinda akuwaza madzi opatulika pa nthawi ya mliri.

Ku Osaka kuli Tenjin Matsuri pa 24 ndi 25 Julayi, polemekeza Sugawara no Michizane, katswiri wamaphunziro wa zaka za m'ma 800 yemwe amapembedzedwa pakachisi wa Osaka Tenmangu. Madzulo a tsiku lachiwiri maboti pafupifupi 100 oyatsa nyali amayenda pamtsinje wa Okawa kwinaku makombola akuphulika.

Zikondwerero za kumpoto

Dera la Tohoku, kumpoto kwa chilumba cha Honshu, limachita zikondwerero zake zikuluzikulu mlungu woyamba wa Ogasiti. Popeza masiku ake ndi otsatizana ndipo usiku wa kumeneko sutentha ngati wa ku Tokyo, alendo ambiri amayenda mzinda ndi mzinda pa sitima yothamanga ya Shinkansen kuti aone zingapo pa ulendo umodzi. Kuchokera ku Tokyo kukafika ku Shin-Aomori ndi ulendo wa maola atatu ndi mphindi zingapo. Masiku ake ndi awa:

- Morioka Sansa Odori, mumzinda wa Morioka: 1 mpaka 4 Ogasiti
- Hirosaki Neputa, mumzinda wa Hirosaki: 1 mpaka 7 Ogasiti
- Aomori Nebuta, mumzinda wa Aomori: 2 mpaka 7 Ogasiti
- Akita Kanto, mumzinda wa Akita: 3 mpaka 6 Ogasiti
- Goshogawara Tachineputa, mumzinda wa Goshogawara: 4 mpaka 8 Ogasiti
- Yamagata Hanagasa, mumzinda wa Yamagata: 5 mpaka 7 Ogasiti
- Sendai Tanabata, mumzinda wa Sendai: 6 mpaka 8 Ogasiti

Nebuta ndi zifaniziro zikuluzikulu za ankhondo, milungu ndi zilombo za m'nthano, zopangidwa ndi mawaya ndi matabwa n'kumatidwa pepala la washi. Pepalalo limapentedwa, ndipo mizere ina imajambulidwa ndi phula losungunula kuti utoto usasakanikirane komanso kuti kuwala kudutse bwino. M'kati mwake mumakhala mababu ambirimbiri. Chifaniziro chimodzi chimafika mamita 9 m'lifupi ndi mamita 5 kutalika, ndipo pamodzi ndi ngolo yake chimalemera matani pafupifupi 4. Amisiri ake amayamba kujambula mapulani chikondwerero cha chaka chinacho chikangotha. Pafupi ndi ngolo pamakhala ovina otchedwa haneto, omwe amadumphadumpha atavala timabelu. Munthu aliyense, ngakhale mlendo, amaloledwa kuvina nawo bola atavala zovala za haneto. Usiku womaliza zifaniziro zomwe zapambana zimakwezedwa m'maboti n'kuyendetsedwa padoko, zomwe zimakumbutsa mwambo wakale wotaya tulo m'madzi. Ku Goshogawara zifanizirozo zimamangidwa choimirira ndipo zimatalika mamita 23.

Ku Akita amuna amanyamula kanto, nsungwi yaitali mamita 12 yopachikidwa nyali 46 za makandulo, yolemera makilogalamu pafupifupi 50. Munthu mmodzi amaiimika pachikhatho, pamphumi, paphewa kapena m'chiuno osaigwira ndi manja onse. Maonekedwe a kanto amafanana ndi ngala ya mpunga, choncho mwambowu ndi wopemphanso zokolola zabwino. Usiku umodzi mumsewu mumaimikidwa mitengo yotereyi yoposa 200.

Tanabata ndi chikondwerero chochokera ku nthano ya ku China ya nyenyezi ziwiri, Orihime ndi Hikoboshi, zomwe akatswiri a zakuthambo amazitcha Vega ndi Altair. Nthanoyo imati awiriwa ndi okondana omwe amaloledwa kukumana kamodzi kokha pa chaka. Anthu amalemba zofuna zawo pa timapepala n'kutimangirira ku nthambi za nsungwi. M'madera ambiri zimenezi zimachitika pa 7 Julayi, koma ku Sendai zimachitika patatha mwezi umodzi. Eni masitolo amakongoletsa misewu ya malonda ndi mapepala amitundumitundu otalika mamita angapo, olendewera ku nsungwi zikuluzikulu.

Obon ndi magule ake

Obon ndi nthawi imene mabanja amakhulupirira kuti mizimu ya makolo imabwerera kunyumba. M'madera ambiri imachitika kuyambira pa 13 mpaka pa 16 Ogasiti, m'mbali zina za Tokyo imachitika mu Julayi, ndipo ku Okinawa amatsatirabe kalendala ya mwezi. Tsiku loyamba anthu amakoleza kamoto pakhomo kuti mizimu ione njira. Amasesa kumanda, kuika maluwa ndi kufukiza lubani. Mabanja ena amapanga kavalo wa nkhaka ndi ng'ombe ya biringanya pozibaya timitengo ngati miyendo: kavaloyo ndi woti makolo afike msanga, ng'ombeyo ndi yoti abwerere pang'onopang'ono. Tsiku lomaliza amakolezanso moto wotsanzikana, ndipo m'madera ena amayandamitsa nyali za mapepala pamtsinje. Ku Kyoto, pa 16 Ogasiti nthawi ya 8 koloko usiku, amayamba kuyatsa moto waukulu pamapiri asanu ozungulira mzindawo. Mwambowu umatchedwa Gozan no Okuribi.

Obon si tchuthi cha boma, komabe makampani ambiri amapereka masiku opuma, ndipo pa 11 Ogasiti pali tchuthi cha Tsiku la Mapiri chomwe chinayamba mu 2016. Anthu mamiliyoni ambiri amachoka m'mizinda ikuluikulu nthawi imodzi, motero m'misewu ikuluikulu galimoto zimandandana makilomita ambiri ndipo matikiti a ndege amakwera mtengo. Kuyambira kumapeto kwa 2023, sitima za Nozomi zoyenda pakati pa Tokyo, Osaka ndi Hakata zimanyamula okhawo amene anasungitsiratu mpando pa nthawi zotanganidwa ngati imeneyi.

Gule wa nyengoyi amatchedwa bon odori. Pabwalo amamanga nsanja ya woimba ng'oma, ndipo anthu amavina mozungulira nsanjayo. Gule wotchuka kwambiri ndi Awa Odori wa mumzinda wa Tokushima pachilumba cha Shikoku, yemwe amavinidwa m'misewu kuyambira pa 12 mpaka pa 15 Ogasiti ndipo wakhalapo zaka zoposa 400. Ovina amakhala m'magulu otchedwa ren. Akazi amavala zipewa zoluka zopindika pakati ndipo amavina monyang'ama pa nsapato zamatabwa, manja ali m'mwamba, pomwe amuna amavina chowerama. M'tauni ya Gujo Hachiman, m'chigawo cha Gifu, anthu amavina usiku pafupifupi 30 m'nyengoyi, ndipo kuyambira pa 13 mpaka pa 16 Ogasiti gule amachezera mpaka mbandakucha.

Makombola

Zionetsero za makombola, zotchedwa hanabi taikai, zimachitika m'madera ambiri a dzikolo. Cha ku Tokyo chimachitika pamtsinje wa Sumida Loweruka lomaliza la Julayi, ndipo amaphulitsa makombola pafupifupi 20,000. Mbiri yake imalumikizidwa ndi chaka cha 1733, pamene akuti kunachitika mwambo wokumbukira anthu amene anafa ndi njala ndi matenda chaka cha 1732. Chionetserochi chinaima kwa zaka zingapo kenaka chinayambiranso mu 1978.

Chionetsero cha ku Nagaoka, m'chigawo cha Niigata, chimachitika pa 2 ndi 3 Ogasiti m'mphepete mwa mtsinje wa Shinano. Ndi chokumbukira anthu oposa 1,400 omwe anafa ndege za America zitaponya mabomba mumzindawo usiku wa pa 1 Ogasiti 1945. Kumeneko amaphulitsa khombola lalikulu lotchedwa sanjakudama, lomwe ndi lalikulu masentimita pafupifupi 90 ndipo limalemera makilogalamu 300. Kuyambira 2005 anawonjezera gawo lotchedwa Phoenix polimbikitsa anthu okhudzidwa ndi chivomezi cha Chuetsu cha mu 2004. Ku Omagari, m'chigawo cha Akita, kuli mpikisano wa akatswiri opanga makombola womwe unayamba mu 1910 ndipo umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti.

Malo othawirako kutentha

Munthu akakwera mamita 100 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 0.6. N'chifukwa chake malo ambiri opumulirako m'nyengoyi ali m'mapiri a pakati pa chilumba cha Honshu.

Otchuka kwambiri ndi Karuizawa, tauni ya m'chigawo cha Nagano yomwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 m'munsi mwa phiri la Asama. Kale inali malo ogona apaulendo pamsewu wa Nakasendo. Mu 1886 kunafika Alexander Croft Shaw, mmishonale wa mpingo wa Anglican wobadwira ku Canada. Iye anakonda mphepo ya kumeneko ndipo mu 1888 anamangako nyumba yokhalamo m'nyengo yotentha. Amishonale anzake ndi akazembe anamutsatira, kenaka kunabwera Ajapanizi olemera. Mu Ogasiti 1957 Akihito, yemwe pambuyo pake anakhala mfumu ya Japan, anakumana ndi Michiko Shoda pabwalo la tenisi la m'tauniyi. Mu Ogasiti kutentha kwa ku Karuizawa kumakhala madigiri pafupifupi 21 tikaphatikiza usana ndi usiku, pomwe ku Tokyo kumakhala pafupifupi 27. Kuyambira 1997 sitima ya Shinkansen imafikako, ndipo ulendo wochokera ku Tokyo umangopitirira pang'ono ola limodzi.

Nyanja ya Chuzenji, kumtunda kwa Nikko, ili pamtunda wa mamita 1,269. Kazembe wa Britain, Ernest Satow, anamanga nyumba m'mphepete mwake mu 1896, ndipo maofesi a akazembe a mayiko ena anachitanso chimodzimodzi. Nyumba zomwe zinali za akazembe a Britain ndi Italy tsopano ndi zotsegukira alendo. Chigwa cha Kamikochi, chomwe chili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 m'mapiri a Hida, chimakondedwa ndi oyenda pansi. Galimoto za anthu wamba siziloledwa kufikako ndipo alendo amakwera basi kapena takisi. Anthu a ku Osaka ndi Kobe amakwera phiri la Rokko kapena kupita ku Koyasan, komwe alendo amatha kugona m'nyumba za akachisi a Chibuda. Phiri la Fuji, lalitali mamita 3,776, limakwereka kuyambira kumayambiriro kwa Julayi mpaka pa 10 Sepitembala, ndipo pansonga pake pamazizira kwambiri ngakhale mu Ogasiti. Kuyambira 2025 aliyense wokwera amalipira ndalama zokwana 4,000 yen.

Ena amapita ku Hokkaido. Mzinda wa Kushiro, kum'mawa kwa chilumbachi, umakutidwa ndi chifunga chochokera kunyanja, ndipo mu Ogasiti kutentha kwake kumakhala madigiri pafupifupi 18. Anthu opuma pa ntchito ochokera m'mizinda yotentha amachita lendi nyumba kumeneko kwa milungu ingapo. Ku Furano alendo amapita mu Julayi kukaona minda ya maluwa a lavenda. Pafupi ndi Tokyo pali tauni ya Katsuura, m'chigawo cha Chiba, yomwe imalandira mphepo yozizira yochokera m'madzi akuya a m'mphepete mwake. Kwa zaka zoposa 100 kuchokera pamene anayamba kuyeza nyengo kumeneko mu 1906, kutentha sikunafikepo madigiri 35.

Njira zachikhalidwe zodziziziritsira

Amene sangathe kuyenda ulendo ali ndi njira zakale zochepetsera kutentha. Uchimizu ndi kuwaza madzi pabwalo ndi pamsewu m'mawa kapena madzulo kuti nthaka izizire. Pamawindo amapachika makatani a bango otchedwa sudare, ndipo pakhonde amapachika kabelu kotchedwa furin komwe kamalira kukadutsa kamphepo. Popita ku chikondwerero anthu amavala yukata, chovala chopepuka cha thonje, ndi kunyamula chokupizira mphepo chotchedwa uchiwa.

Zakudya zake ndi monga kakigori, womwe ndi ayisi wopala wothira madzi otsekemera, somen wozizira, mavwende, ndi tiyi wozizira wa balere wotchedwa mugicha. Chakumapeto kwa Julayi, pa tsiku lotchedwa Doyo no Ushi no Hi, anthu amadya nsomba ya mkunga yootcha pokhulupirira kuti imabwezeretsa mphamvu. Ku Kyoto malo odyera amamanga nsanja m'mphepete mwa mtsinje wa Kamo, ndipo m'mudzi wa Kibune, kumpoto kwa mzindawu, nsanjazo zimakhala pamwamba penipeni pa madzi oyenda. Kusimba nthano za mizukwa ndi chizolowezinso cha nyengoyi, chifukwa anthu amati mantha amaziziritsa thupi.

Ngozi ndi kusintha kwa masiku ano

Matenda obwera chifukwa cha kutentha amatchedwa netchūshō. Zizindikiro zake ndi chizungulire, mutu, nseru, kukokana kwa minofu, kusokonezeka maganizo ndi kukomoka. Kuyambira Meyi mpaka Sepitembala 2018 anthu oposa 95,000 anatengedwa pa ambulansi chifukwa cha matendawa, ndipo mu 2024 anapitirira 97,000. Pafupifupi theka kapena kuposerapo amakhala a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndipo ambiri amadwalira m'nyumba zawo. Kuyambira 2021 boma limapereka chenjezo m'dziko lonse potengera mlingo wa WBGT, womwe umaphatikiza kutentha, chinyontho ndi mphamvu ya dzuwa. Mlingowu ukamayembekezeka kufika 33, anthu amalangizidwa kupewa kuyenda masana, kumwa madzi pafupipafupi, kubwezeretsa mchere m'thupi ndi kukhala m'zipinda zozizira. Nambala yoitanira ambulansi ndi 119.

Nyengo yotentha ya 2023 ndi ya 2024 zinali zotentha kuposa zina zonse chiyambire kusunga ziwerengero mu 1898, ndipo ya 2025 inaposanso zimenezo. Ngakhale kumpoto kwayamba kutentha. Mpikisano wothamanga mtunda wautali wa masewera a Olimpiki a Tokyo, omwe anachitika mu 2021, unasamutsidwira ku Sapporo pothawa kutentha, koma mu Ogasiti 2023 mumzinda womwewo munafika madigiri 36.3. Nyumba ndi sukulu zambiri za ku Hokkaido zinamangidwa poganizira kuzizira kokha ndipo zinalibe makina oziziritsa mpweya.

Kusinthaku kwakhudza miyambo. Soma Nomaoi, chikondwerero cha m'chigawo cha Fukushima pomwe amuna ndi akazi mazanamazana amakwera akavalo atavala zida za asamurai, chinkachitika kumapeto kwa Julayi. Mu 2023 akavalo ambiri anadwala ndi kutentha ndipo ena anafa, choncho kuyambira 2024 chimachitika kumapeto kwa Meyi. Chionetsero cha makombola cha ku Adachi, mumzinda wa Tokyo, chinakonzedwanso kuti chichoke mu Julayi kupita mu Meyi kuyambira 2025. Pa mpikisano wa baseball wa sukulu za sekondale ku Koshien, womwe umachitika mu Ogasiti, anayamba kupereka nthawi yopuma yoziziritsa thupi mu 2023, ndipo mu 2024 masewera a masiku ena anagawidwa kuti achitike m'mawa ndi madzulo okha. Kusamutsa tsiku n'kovuta pa miyambo ngati Obon ndi Gion Matsuri chifukwa masiku ake ndi olumikizana ndi mapemphero. M'malo mwake okonza amawonjezera malo omwera madzi, matenti ndi ogwira ntchito zachipatala.

Namondwe ndi vuto linanso la mu Ogasiti. Mu 2023 tsiku lomaliza la Awa Odori linalephereka chifukwa cha namondwe Lan, ndipo pa 16 Ogasiti 2024 sitima za Shinkansen za pakati pa Tokyo ndi Nagoya sizinayende tsiku lonse chifukwa cha namondwe Ampil. Kuchuluka kwa anthu nakonso kwadzetsapo ngozi. Pa 21 Julayi 2001 anthu 11, ambiri mwa iwo ana, anafa atapanikizana pamlatho wa oyenda pansi ku Akashi pa chionetsero cha makombola. Kuchokera pamenepo malamulo olondera khamu la anthu anakhwimitsidwa, ndipo pa zionetsero zikuluzikulu misewu yolowera ndi yotulukira imalekanitsidwa.

M'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono vuto lalikulu ndi kuchepa kwa achinyamata. Ngolo zimafuna anthu ambiri amphamvu oti azikoke, komanso oimba amene anaphunzira kuyambira ali ana. Madera ena ayamba kulandira ophunzira a ku yunivesite ndi anthu ochokera kutali kuti athandize, ndipo zionetsero zambiri za makombola tsopano zimagulitsa mipando kuti zipeze ndalama zolipirira alonda ndi onga.

Onaninso

- Japan
- Kyoto
- Obon
- Shinkansen
- Phiri la Fuji